Nkhondo Inali Imodzi, Koma Aliyense Anakumana ndi Yake

Ana anga ndi adzukulu anga, khalani pansi ndikuuzeni za nkhondo imene inu mumangoionera m'mafilimu. Mukapita ku Mzuzu mumamva za Moyale Barracks. Abale athu a ku Zambia ali ndi Gondar ku Chipata, Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe ndi Arakan ku Lusaka. Awatu si maina a mafumu athu kapena a mitsinje yathu ayi. Ndi malo a ku Kenya, Ethiopia, Somaliland ndi Burma kumene agogo anu anakamenya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ya 1939 mpaka 1945. Amuna oposa 25,000 a dziko lino, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, anavala yunifolomu ya Angelezi, ambiri mwa iwo m'gulu la King's African Rifles, lija kumudzi tinkangoti Keyala. Ena analowa okha pothawa umphawi ndi msonkho, ena anachita kuperekedwa ndi mafumu boma litalamula.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi. M'mabuku a kusukulu nkhondoyi ndi imodzi, koma msilikali aliyense anakumana ndi yakeyake, ndipo palibe anasankha kokamenyera. Akuluakulu a ku London ndi ku Nairobi akangolemba nambala ya gulu lanu pa pepala, basi, mwapita kuchipululu, kumapiri, panyanja kapena m'nkhalango. Chimene chinkatsala m'manja mwa munthu ndi khalidwe lake pamalo pamene waikidwapo.

Tiyambe ndi amene anapita kumpoto. Mu Juni 1940 dziko la Italy linalowa nkhondo kumbali ya Hitler, ndipo Mataliyana anali kale ndi asilikali ochuluka ku Ethiopia, Eritrea ndi Somalia. Mwezi wotsatira anazinga linga la Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, m'mene munali kagulu ka Keyala ka anyamata a kwathu kuno. Anyamatawo anapirira mizinga kwa masiku angapo, kenaka anatuluka usiku mwakachetechete n'kudutsa pakati pa adani. Mu Ogasiti chaka chomwecho anzawo ena a Keyala, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anaima pa zitunda za Tug Argan ku British Somaliland. Adani anawachulukira, ndipo sabata isanathe anabwerera m'mbuyo mpaka pa doko la Berbera, kumene sitima zinawanyamula kupita nawo ku Aden. Kumeneko chozunza kwambiri linali ludzu. Dziko lake ndi la miyala ndi minga, dzuwa loswa mtengo, madzi ochita kuyeza. Mwana wokulira m'mphepete mwa Shire, amene sanaganizepo kuti madzi angathe, anaphunzira kusunga kabotolo kamodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Mu 1941 zinthu zinatembenuka. Asilikali a Keyala, a ku Nigeria, a ku Gold Coast ndi a ku South Africa anathamangitsa Mataliyana kuchokera kumalire a Kenya. Mogadishu inagwa mu Febuluwale, Addis Ababa pa 6 Epulo. Pa miyezi iwiri yokha anayenda mtunda woposa makilomita 2,000 pa malole, fumbi lili koboo. Potsiriza panatsala Gondar, mzinda wa pamwamba pa mapiri, umene unagonja pa 27 Novembala. Anthu omwe aja anapsa ndi dzuwa ku Somaliland anakanjenjemera ndi chisanu ku Gondar, akukwera mapiri atasenza katundu, mpweya ukuwaperewera.

Chaka chotsatira ena anawolokera ku chilumba cha Madagascar kukalimbana ndi Afalansa amene anali kumbali ya Majeremani. Anatsika pa doko la Majunga mu Sepitembala 1942 n'kulunjika ku likulu la Tananarive. Afalansa sanalimbe kwenikweni. Ankangophwasula milatho ndi kugwetsa mitengo mumsewu, ndipo mu Novembala anagonja. Msilikali wotumizidwa ku Madagascar ankatopa ndi kuyenda, kuchotsa miyala ndi zipika, ndiponso malungo, koma mwayi wake wobwerera kwawo wamoyo unali waukulu.

Ena sanafike n'komwe kumene ankapita. Pa 12 Febuluwale 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa kupita ku Ceylon, inaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Majapani. Inamira m'mphindi zochepa ndi anthu pafupifupi 1,300, ambiri mwa iwo asilikali a kum'mawa kwa Africa, pamodzi ndi anamwino. Sanaombe chipolopolo ngakhale chimodzi, sanaone nkhope ya mdani. Kodi amenewa tinganene kuti nkhondo sanaione?

Tsopano ndikhale nanu pang'ono pa nkhani ya Burma, dziko lomwe lero likutchedwa Myanmar, pakuti ndi kumene agogo anu ambiri anaona zakuda. Pakati pa Marichi ndi Julaye 1944 Majapani anayesa kulowa mu India, koma anagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Anthu awo oposa 50,000 anafa, kuvulala kapena kudwala, ambiri chifukwa cha njala ndi matenda, popeza mkulu wawo wa nkhondo, Mutaguchi, anawatumiza ndi chakudya cha masabata ochepa poyembekezera kuti akalanda cha adani. Otsalawo atayamba kuthawa, ntchito yowalondola inagwera gulu la 11th East African Division, momwe munali anyamata a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti, mvula ili pachimake, nyengo imene magulu a nkhondo ankayamba apumula.

Taganizani tsiku limodzi m'chigwa chimenecho. Mwadzuka zovala zili zonyowa, pakuti sizinaume chiyambire sabata yatha. Msewu wasanduka phala, malole atitimira, ndiye katundu ali pa nyulu ndi pamsana panu. Wakutsogolo akutema nsungwi ndi chikwanje kuti papezeke podutsa. Pofika masana misundu yalowa m'nsapato ndi m'khwapa, ndipo poichotsa mumaiotcha ndi ndudu, chifukwa mukaizula ndi dzanja pamatsala chilonda chosapola. Chakudya chimagwa kuchokera m'ndege, ndipo mitambo ikatseka ndege sizibwera, mpunga n'kuyamba kugawidwa theka. M'mbali mwa njira muli mitembo ya Majapani amene anafa ndi njala, ena ali chikhalire pansi pa mtengo. Amoyo abisala m'maenje ofoleredwa ndi zipika pamwamba pa zitunda, ndipo simuwaona mpaka chiwaya chitalira pafupi penipeni. Iwowa sankadziwa zokweza manja. Kuti mulande chitunda, munkayenera kukwera m'matope mpaka pakamwa pa dzenje. Umu ndi mmene anyamata athu anayendera kufikira anafika pa mtsinje wa Chindwin ku Kalewa mu Disembala 1944.

Mvetsetsani bwino apa, ana anga. Chimene chinkagwetsa asilikali ambiri ku Burma sichinali chipolopolo. Mkulu wa gulu lonse la nkhondo kumeneko, William Slim, anawerengera kuti mu 1943, pa munthu mmodzi aliyense wopita kuchipatala ndi bala, ena 120 ankapita ndi matenda: malungo, kamwazi, zilonda ndi nthenda yofala ndi tizilombo ta m'udzu. Mankhwala oteteza malungo analipo, kambulu kachikasu kotchedwa mepacrine. Kanali kowawa, kankasandutsa khungu chikasu, ndipo panafala mphekesera yoti kamapha mphamvu ya chimuna, choncho ambiri ankakataya. Slim analamula kuti aliyense azimwa pa mzere, sajeni akuyang'ana mpaka ameze. Dzuwa likamalowa, malaya a manja aatali ndi neti. Akuluakulu ena amene anthu awo anapezeka kuti sakumwa anachotsedwa pa udindo. Pofika 1945 odwala anachepa kwambiri. Gulu lija silinapulumuke ndi ukali wokha. Linapulumuka ndi kumvera pa zinthu zazing'ono zimene mnyamata wodzimva amaziona ngati zachibwana.

Agogo anu ankavunda ndi mvula, koma kutali ku Russia anyamata amsinkhu wawo ankauma ndi chisanu. Majeremani analowa m'dziko la Soviet Union mu Juni 1941 ali ndi chikhulupiriro choti nkhondo itha dzinja lisanafike, ndiye ambiri analibe zovala zofunda. Pofika Disembala, pafupi ndi Moscow, kuzizira kunafika poumitsa mafuta m'mfuti ndi m'akasinja. Anthu ankaduka zala za kumapazi ndi za kumanja popanda kuomberedwa. Ku Stalingrad, kuyambira Ogasiti 1942 mpaka Febuluwale 1943, ankalimbirana nyumba imodziimodzi, ena ali m'chipinda cha pansi, adani ali m'chipinda cha pamwamba. Msilikali wa Russia analamulidwa kuti asabwerere m'mbuyo, ndipo kumbuyo kwake kunkaima anzake amfuti oletsa othawa. Majeremani pafupifupi 91,000 anagwidwa kumeneko, koma amene anadzaonanso kwawo anali pafupifupi 6,000 okha. Dziko la Soviet Union lonse linataya anthu pafupifupi 27 miliyoni, asilikali ndi anthu wamba. Inu atsikana musaganize kuti iyi ndi nkhani ya amuna okha: akazi pafupifupi 800,000 anatumikira m'gulu la nkhondo la dzikolo, ena monga anamwino, ena oyendetsa ndege, ena alenje a mfuti.

Ku chipululu cha kumpoto kwa Africa, ku Libya ndi ku Egypt, nkhondo inali inanso: mchenga, ntchentche, akasinja ndi mabomba okwirira pansi. Kumeneko kunali anthu akuda ambiri a ku South Africa, koma boma lawo silinkawalola kugwira mfuti. Ntchito yawo inali kuyendetsa malole, kunyamula ovulala, kuphika ndi kukumba, ndipo olondera ankapatsidwa mikondo. Mabomba sankasankha khungu. Mmodzi wa iwo, Job Maseko, anagwidwa mzinda wa Tobruk utagwa mu Juni 1942, ndipo adani anamuika pa ntchito yotsitsa katundu padoko. Iye anapanga bomba m'kachitini n'kulibisa pakati pa migolo ya mafuta m'sitima ya adani, sitimayo n'kuphulika. Analandira mendulo ya Military Medal, koma anamwalira ali mmphawi mu 1952. Munthu amene anamuona kuti sayenera mfuti ndiye anachita chimene amfuti ambiri sanachite.

Ngakhale kugwidwa ukaidi kunali ndi nkhope zosiyana. Mngelezi kapena Mmerika wogwidwa ndi Majeremani kawirikawiri ankabwerera: pa anthu 100 alionse ankafa pafupifupi 4. Wogwidwa ndi Majapani, pa anthu 4 alionse mmodzi sankabwerera, ndipo ambiri anafera pa ntchito yomanga njanji ya pakati pa Thailand ndi Burma, pamodzi ndi anthu wamba a ku Asia ochuluka kuposa iwo. Msilikali wa Russia wogwidwa ndi Majeremani ndiye anali pa tsoka lalikulu: mwa anthu oposa 5 miliyoni amene anagwidwa, oposa 3 miliyoni anafa, ambiri ndi njala yochita kuwakonzera. Chifukwa chake sichinali nyengo kapena kusowa kwa chakudya kokha. Hitler anaphunzitsa anthu ake kuti Marasha si anthu enieni. Mtima wa wogwira mfuti ukayamba kuona mnzake ngati chinyama, palibe lamulo la nkhondo limene lingamuletse.

Nanga n'chifukwa chiyani ndakuyendetsani m'maiko onsewa? Si kuti tipeze amene anavutika kuposa anzake. Ndili mnyamata ndinkakonda kukhala pafupi ndi bwalo la bawo pamudzi pathu, pamene pankasewera madala awiri obwera ku nkhondo. Wina anali womenyera ku Burma, wolongolola, ndipo masewera akamuipira ankakonda kunena kuti, "Inu achimwene munangopita kukayendetsa lole ku Ethiopia, nkhondo tinaiona ndi ife." Mnzakeyo sankayankha, ankangotakata nkhomo zake. Tinadzamva kwa agogo aakazi, mkuluyo atamwalira, kuti moyo wake wonse ankadzidzimuka usiku akukuwa. Lole imene inali patsogolo pake inaponda bomba, ndipo iye ndi amene anatola anzake opserera ndi manja ake. Sanauzeko munthu pabwalo. Choncho langizo langa loyamba ndi ili: musayeze mavuto a munthu ndi kutchuka kwa malo amene anavutikira, kapena ndi kukweza kwa mawu ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mudzakumana ndi zimenezi pakati panu nomwe, wina akuchokera ku Joni, wina anatsala kumudzi kusamala odwala ndi kulima, aliyense akuyesa kuti mnzake anali pabwino. Yambani mwafunsana musanaweruzane.

Lachiwiri, onani chimene chinkasunga moyo m'mabwalo onsewa. Ku Somaliland kunali kusunga madzi. Ku Burma kunali kumeza kambulu kowawa, kuumitsa mapazi ndi kutsuka mfuti tsiku ndi tsiku. Ku Russia kunali kudzutsa mnzako kuti asagone pa chipale n'kuumira pomwepo. Palibe mwa zimenezi chimene amachijambula m'filimu, koma ndi zimene zinabweza amuna kwa akazi awo. Inunso moyo udzakuikani pamalo pamene simunasankhe: sukulu yosowa mabuku, ntchito yonyozeka, dziko lachilendo, matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku. Musataye nthawi kusirira bwalo la mnzanu. Funsani kuti pamalo pano chimene chimapha n'chiyani, chimene chimapulumutsa n'chiyani, ndipo chitani chimenecho mosadumphitsa, ngakhale anzanu akusekeni.

Lachitatu, musanyoze munthu chifukwa cha mtundu wake kapena ntchito yake. Msilikali wina wa ku Nigeria, Isaac Fadoyebo, anavulazidwa kwambiri m'mphepete mwa mtsinje wa Kaladan ku Burma mu 1944, n'kusiyidwa kuti wafa. Amene anamusunga iye ndi mnzake wa ku Sierra Leone kwa miyezi yambiri anali mlimi wosauka wachisilamu dzina lake Shuyiman, yemwe ankadziwa kuti Majapani akamugwira amupha ndi banja lake. Sankamvana chilankhulo, sanali a chipembedzo chimodzi. Mtima umenewu sunathe ndi agogo. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo, msilikali wathu Chancy Chitete anatuluka pobisala zipolopolo zikuvumba kuti akakoke mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniayo anachira, Chitete anafa, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Shuyiman ndi Chitete sanasankhe kuti nkhondo iwapeze pamene inawapezera. Anasankha chochita ndi munthu amene anagona patsogolo pawo.

Lachinayi ndi lowawa, koma ndikapanda kukuuzani ndakulakwirani. Anthu amene anagawana dzenje limodzi sanagawane malipiro mofanana. Nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira masheleni 10 a chithokozo pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene munthu wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka. Chikoti chinali chitaletsedwa kalekale kwa asilikali achizungu, koma kwa asilikali akuda chinapitirira nkhondo yonse. Ku Europe anavina pa 8 Meyi 1945, Japan inagonja mu Ogasiti, koma agogo anu ambiri anadikira sitima mpaka 1946. Atafika anapeza msonkho uli pomwepo, tsankho lili pomwepo. Sindikunena izi kuti mudane ndi munthu, ndipo sindikunena kuti kugonjetsa Hitler kunali kosafunika. Kunali kofunika ndithu. Ndikunena kuti olemba anthu usilikali amalankhula zokoma polemba, ndipo polipira amalankhula zina.

Zimenezi zikuchitikabe. Mu 2022 mnyamata wa ku Zambia, amene anapita ku Russia kukaphunzira, anafera ku nkhondo ya ku Ukraine atamutenga m'ndende ndi lonjezo la ufulu. Anyamata ena a m'maiko a mu Africa akumva pa foni za ntchito yaulonda kapena ya m'fakitale kunja, ndalama zambiri, tikiti yaulere, n'kukadzidzimukira ali m'dzenje atagwira mfuti, pasipoti atalandidwa. Safunsa anadya phula. Munthu akakulonjezani ulendo, funsani dzina la kampani ndipo mukalifufuze ku ofesi ya zantchito. Funsani kuti ntchito yeniyeni ndi yotani, mukafuna kubwerera mudzabwerera bwanji, mukavulala adzakusamalani ndani. Pepala lolembedwa m'chilankhulo chimene simuchimva musalisayine. Agogo anu ambiri analibe mwayi wofunsa, pakuti mfumu ikaloza chala nkhani inali yatha. Inu mwayi umenewo muli nawo.

Ngati mtima wanu uli pa usilikali, ndi ntchito yolemekezeka, ndipo dziko limafuna oliteteza. Lowani pakhomo loyenera, m'gulu la nkhondo la dziko lanu, mukudziwa kuti simudzasankha kumene adzakutumizeni. Ngati mtima wanu uli kwina, udindo mukadali nawo. Amene anamenya nkhondo ija atsala owerengeka, koma ana awo alipo, ndipo m'masutikesi ena muli mamendulo, timabuku ta usilikali ndi zithunzi zimene njenjete zikudya. Pitani kwa azakhali anu ndi amalume anu, muwafunse kuti agogo anali gulu liti, anapita dziko liti, anabwera ali otani. Lembani, jambulani pa foni zanuzo. Mukapeza kuti agogo anu anali wophika kapena wonyamula machira, musachite manyazi n'kuwasandutsa ngwazi ya chiwaya. Lembani zoona, pakuti popanda wophika ndi wa machira palibe akanabwerako. Ndipo mu Novembala, pa tsiku lokumbukira asilikali, pitani ku chipilala cha ku Zomba kapena cha ku Lilongwe ndi ana anu, mukawauze kumene agogo awo anaikidwa ndi mmene anakhalira kumeneko.